Munthu Amene Analemba Buku Limodzi Katatu

Abale, kodi nkhani ya cikondi ilembedwa usiku umodzi? Iai ndithu. Tamvani za Alessandro Manzoni, wa ku Milan m'dziko la Italy, wobadwa caka ca 1785.

Buku lace, I Promessi Sposi, linena za Renzo ndi Lucia, amphawi opalana ubwenzi. Mwini cuma wina wankhanza anaopseza wansembe kuti asawakwatitse. Ndipo anapirira njala, nkhondo ndi mliri, kufikira anakwatirana.

Manzoni anayamba kulemba caka ca 1821, nasanthula mabuku akale onena za mliri wa 1630, kuti anene zoona. Atatsiriza mu 1823, nchitoyo siinamkomere, nalembanso. Buku linaturuka mu 1827. Koma mtima wace sunakhale pansi, pakuti masiku aja cigawo ciri conse ca Italy cinali ndi malankhulidwe aceace, ndipo iye anafuna mau omveka kwa onse. Cifukwa cace anamuka ku Florence kukamvetsera anthu polankhula, nakonzanso mau ace kufikira 1842.

Anamwalira mu 1873, koma ana a sukulu a kwao akali kuliwerengabe bukulo. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.