Basi ikathamanga, n'cifukwa ciani tonse timangoti zii?

Aliyense amene amakwela minibasi mu Great East Road, Kafue Road kapena Lumumba Road adziwa kanthawi kaja kamene nkhani zonse zimatha mu basi. Dalaiva waona basi inzake patsogolo, afuna kuipitilila kuti akayambe ndiye kunyamula anthu pa siteshoni yotsatila. Apondeleza mafuta, aloŵa pakati pa motoka ziŵili pamene sipakwana. Amai amene anali kukamba pa foni aleka. Wina wagwila mpando wa kutsogolo, wina ayamba kupemphela camumtima. Hiace ndi yodzaza, aliyense mtima uli m'mwamba, koma palibe wotsegula pakamwa.

Ndikafunsa anthu amene ndimakwela nawo cifukwa cake, mayankho amafanana. Timaopa kufa, zoona, koma timaopa kwambili kondakita. Tidziŵa kale zimene adzayankha: "Ngati muyopa selukani, mugule motoka yanu!" Ndiye basi yonse iseke, iwe utsale na nsoni mpaka ku Chelstone. Kukamba mosabisa, ambili a ife timasankha kuika moyo pa ngozi m'malo mocita manyazi kwa mphindi zisanu.

Dalaiva nayenso ali na mantha ake. Mwini basi amayembekezela kashingi tsiku lililonse, kaya kunali anthu kaya kunalibe. Pali mafuta, pali angwangwazi, ndipo zotsala ndiye zake na kondakita. Amathamanga cifukwa aopa kubwelela kunyumba cimanjamanja kapena kulandidwa makiyi. Ndimamumvetsa. Koma kashingi ni yake na abwana ake, pamene miyendo imene idzathyoka ni yathu.

Zimene liŵilo na kupitilila kosasamala zimacita tinaziona kale. Pa 7 February 2013, ku Chibombo mu Great North Road, basi inaombana na thilaki ndipo anthu oposa 50 anafa. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku, kuyambila 21:00 mpaka 05:00. Malamulo alipo, a RTSA alipo, apolisi alipo. Koma pa kanthawi kaja onsewa amakhala kutali. Amene ali pafupi na khutu la dalaiva ndise.

Kodi kukamba kumathandiza? Ku Kenya anayesa. Akatswili aŵili a pa yunivesiti ya Georgetown, James Habyarimana na William Jack, anamata tumapepala m'mabasi aang'ono amene kumeneko amawacha matatu. Tumapepalato tunali kulimbikitsa okwela kudzudzula dalaiva akayamba kuyendetsa moipa. Mabasi ena anawasiya opanda kanthu kuti ayelekezele. Zotsatila zake, zimene zinafalitsidwa mu 2011, zinaonetsa kuti m'mabasi okhala na tumapepala, ngozi zokapempha ndalama ku inshuwalansi zinacepa na theka kapena kuposa. Sanasinthe mabuleki, sanakonze mseu. Anangopatsa anthu cilolezo cokamba.

Mau akuti cilolezo ndawasankha dala. Mu basi aliyense amayang'ana mnzake, kuyembekezela kuti wina ayambe. Ndipo cimene ndaona kaŵilikaŵili n'cakuti nkhani imagona pa munthu waciŵili. Woyamba akakamba yekha, kondakita amamumeza. Koma wina akangoonjezela kuti "Zoona, tifuna kufika bamoyo," basi yonse imatseguka pakamwa, ndipo phazi la dalaiva limacoka pa mafuta. Ngati mtima sukulolani kuyamba, manje kuvomeleza cabe kukukangeni?

Kakambidwe nakonso kali na nchito. Mukayamba na kutukwana, dalaiva amafuna kuonetsa umuna ndipo amathamangilatu. "Ba dalaiva, cepetsankoni sipidi, muli bana muno," mokweza koma mwaulemu, amamusiyila mpata wocepetsa popanda kuoneka wogonja. Akakana, selukani pa siteshoni yotsatila. Ndalama ya basi idzaŵaŵa, koma ni yocepa kuyelekeza na bedi ku UTH. Lembani nambala puleti na mseu umene munali, muimbile a RTSA pa 983.

Cinanso cimene ndaona: amene amayamba kukamba nthawi zambili si abambo a masuti okhala kutsogolo pafupi na dalaiva. Iwo amangoyang'ana pa foni monga samva. Amakhala amai ocoka ku Soweto Market, okhala kumbuyo kwenikweni, beseni la tomato pa miyendo. Mau awo amanjenjemela, koma amafika kutsogolo.