Chitaliyana cha M'kalasi ndi cha pa Mpope

Chitaliyana si chachilendo m'dziko lino monga ambiri amaganizira. Ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ochokera ku Italy anafika m'dera la Ndola mu 1931, ndipo damu la Kariba, lomwe linatha mu 1959, anamanga ndi a kampani ya Impresit ya komweko. Ife alimi chimatipeza mwanjira ina: pa mpope wa madzi kapena thirakitala ya Fiat yogwirapo kale ntchito, kabuku ka malangizo katasowa kalekale, pangotsala mawu ozokotedwa pachitsulo.

Mawu amenewo angawonongetse katundu. Wodziwa Chingerezi akaona "caldo" amaganiza za kuzizira, chikhalirecho ndi kutentha. Kuzizira ndi "freddo". Petulo ndi "benzina", dizilo ndi "gasolio", pomwe "petrolio" ndi parafini kapena mafuta osayenga. Kuthira petulo mu injini ya dizilo mu Okutobala, dimba lonse likudalira mpope umodzi, ndiko kuumitsa matimati a chaka chonse.

Mwayi wathu uli pa katchulidwe. Mavawelo olembedwa ndi asanu ngati athu, ndipo "ci" amawerenga monga timawerengera "cimanga" m'mabuku a Cinyanja akusukulu. Msampha uli pa "ch", amene kwawo amamveka k: "chiuso", kutanthauza chotseka, timatchula kiuzo. Chotsegula ndi "aperto". Mwana wa ku Makandanyama kuno ku Kabwe, wozolowera kusinthasintha Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi tsiku limodzi, sachedwa kugwira zimenezi.

Kuchulukitsa maina nakonso n'kosavuta tikayerekeza ndi kwathu. Ife timasintha kumutu, munda n'kukhala minda. Iwo amasintha kumchira, "campo" n'kukhala "campi", ndipo nkhuku yathadzi, "gallina", zikachuluka ndi "galline". Chotopetsa n'chakuti dzina lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi, ngakhale khasu, "la zappa". Palibe njira yachidule koma kuloweza dzina pamodzi ndi kamawu kake kotsogolera.

Za ulemu sitifunika kuuzidwa kawiri. "Tu" ndi iwe, "Lei" ndi inu. "Ciao" ndi moni wa mnzathu woseka naye. Kwa aphunzitsi, asisitere kapena bambo mfumu timati "buongiorno". M'kalasi mawu ofunika koposa ndi "Non ho capito", sindinamvetse, kenako "Può ripetere, per favore?", bwerezaninso chonde. Ambiri a ife timangogwedeza mutu poopa kuchititsa manyazi mlendo, iye n'kupitirira, nayesa kuti muyeso wa mankhwala opopera taumva.

Pofuna dzina la chinthu timachiloza n'kufunsa kuti "Come si dice?", amati chiyani. Mukaloza nsima, Mtaliyana wa kumpoto kwa dziko lawo mwina adzayankha "polenta", chifukwa nawonso amavundula ufa wa chimanga mumphika, ngakhale wawo kawirikawiri umakhala wachikasu.