Tindege Topangidwa ndi Manja a Ophunzira

Munthu woyenda m'tinjira ta ku Mtandire madzulo salephera kukumana ndi ana akuyendetsa magalimoto a mawaya. Makolo ambiri amati ndi masewera chabe. Komatu luso lomweli la kupinda, kumanga ndi kukonzanso chikathyoka, ndilo limene achinyamata ena a dziko lino agwiritsa ntchito popanga tindege tothandiza zipatala.

Nkhaniyi inayamba ndi makanda. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amayenera kuyezedwa akakwana milungu 6. Magazi pang'ono amatengedwa ku chidendene nadonthezedwa pa kapepala, ndipo kapepalako kamatumizidwa kumene kuli makina oyezera. Mu 2016 bungwe la UNICEF linanena kuti kapepalaka kankatha masiku ngati 11 kasanafike, ndipo zotsatira zinkachedwa ngakhale mpaka milungu 8. Kwa khanda lofunika kuyamba mankhwala, nthawi imeneyi ndi yaitali koposa.

M'mwezi wa Marichi chaka chomwecho, kandege kopanda munthu mkati kanayesedwa pakati pa chipatala cha Area 25 ndi cha Kamuzu Central. Kanayenda bwino, koma kanali kochokera kunja, ndipo chinthu chochokera kunja chikawonongeka chimadikira mwini wake.

Mu Novembala 2017, ku Kasungu, aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech ya ku America anakhala pansi ndi ophunzira a ku Malawi, nawaphunzitsa kupanga kandege kotchedwa EcoSoar. Thupi ndi mapiko anazidula ku mabolodi opepuka a fomu, namangirira batire, kamota ndi kawailesi kolandira malamulo a woulutsa ali pansi. Apa wophunzira sanama: akalemetsa mbali imodzi, kandege kamagwa anzake akuona, ndipo masamu a kulemera ndi a mphepo amene ankamuvuta pa bolodi amawamvetsa tsiku lomwelo. Kamodzi ka tindegeto kanauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kufika pa bwalo la ndege la Kasungu, katanyamula kaphukusi koyesera.

Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Lilongwe, ndipo ophunzira oyamba anachita maphunziro a milungu 10.

Komabe kandege sikabaya chidendene cha mwana. Kamanyamula kapepala kokha kamene kalipo, ndipo kapepalako kamakhalapo mayi akabwera ndi khanda lake ku sikelo pa mlungu wachisanu ndi chimodzi.