MALUWA PA KHOMO: ZA KUKOMETSA BWALO LA NYUMBA

Kusesa bwalo ndi nchito imene amai a m'midzi aidziwa bwino, safuna wowaphunzitsa. Koma bwalo lopanda mtengo kapena duwa litentha kwambiri m'mwezi wa Okutobala. Mphepo ikaomba pfumbi lilowa m'nyumba, ndipo mvula ikagwa madzi akokolola dothi kufikira maziko a khonde aonekera. Maluwa akondweretsa maso, ndiponso mizu yace igwira nthaka. Ambiri safuna ndalama, cifukwa nthambi yopempha kwa mnansi ikwanira.

Colakwa ca anthu ambiri ndi ici: afesa maluwa onse ndi mvula yoyamba, pa khomo pakongola kufikira Epulo, ndipo cilimwe conse pangotsala timitengo touma. Mwini nyumba ayenera kusankha mitundu yosiyana kuti wina ukatha, wina uyambe.

Maluwa a dzinja sabvuta. Zinnia, cosmos ndi marigold afesedwa mu Disembala, ndipo acita maluwa patapita miyezi iwiri. Munthu akamathyola maluwa ofota, ena atsopano aturuka ambiri, koma asiye ocepa kuti akhwime, mbeu zace azisunge m'botolo louma. Marigold anacokera ku Mexico, ndipo ali ndi nchito ina. Mizu yace icepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ya matimati. Cifukwa cace duwa limeneli liyenera ngakhale ku dimba.

M'nyengo ya cisanu, kuyambira Meyi kufikira Julayi, poinsettia ndiye afiira. Zofiirazo si maluwa ai, ndi masamba, ndipo asanduka motero usiku ukatalika. Mtengowu ukakhala pafupi ndi nyali yoyaka usiku wonse, sufiira bwino.

Koma mfumu ya cilimwe ndiyo bougainvillea. Kwao ndi ku South America. Dzina lace anatenga kwa Louis Antoine de Bougainville, mkuru wa zombo wa ku France, amene anzace a pa ulendo anaona mtengowu ku Brazil pamene anali kuzungulira dziko lonse pakati pa 1766 ndi 1769. Nawonso mtengo umenewu zofiira, zoyera kapena zacikasu zace ndi masamba. Duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono kali pakati. Anthu ambiri auononga ndi cifundo: authirira tsiku ndi tsiku, nauikira ndowe zambiri, ndipo ungobiriwira masamba osaonetsa kukongola kwace. Ukagwira, ufuna dzuwa ndi ludzu. Pobzala, munthu adule nthambi yokhwima, kukula kwace ngati pensulo, kutalika masentimita 20, acotse masamba apansi, aizike theka m'dothi la mcenga pa mthunzi. Siigwira msanga, ndipo zina zifa, cotero kuli bwino kuzika zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Minga yace ipanga mpanda wabwino, koma usaloledwe kukwera pa denga la udzu, cifukwa uoletsa udzu ndipo makoswe apezamo njira.

Frangipani afuna mabzalidwe ena. Nthambi yace ikadulidwa ikhale pa mthunzi sabata lathunthu kuti podulapo paume. Ikazikidwa iri yaiwisi iola. Ndipo anthu asanyoze mitengo ya m'chire. Muwale ucita maluwa ofiira kwambiri m'cilimwe usanaphuke masamba, ndipo nthambi yace yaikuru ikazikidwa igwira monga mtengo wa mpanda. Jacaranda, amene akometsa misewu ya Blantyre mu Seputembala ndi Okutobala, akula kwambiri, cotero akhale mamita 10 kapena kuposa kucokera pa nyumba. Mphunzitsi wokhala pafupi ndi Zomba angathe kutenga ana kukaona mitundu yambiri m'munda wa maluwa umene Alexander Whyte anayamba kumeneko mu 1891.

Maluwa ena ali ndi ngozi, ndipo makolo ayenera kuwadziwa. Nkhadze, poinsettia ndi frangipani ali ndi utomoni woyera ngati mkaka. Wa nkhadze ndiwo woopsa koposa. Ukalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo munthuyo apite ku cipatala. Oleander ndi wokongola, koma ali ndi ululu wakupha m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi momwe. Sayenera pa khomo pamene pali ana ndi mbuzi. Lantana, wa timaluwa tosakaniza mitundu, asabzalidwe konse. Mbalame zifalitsa mbeu zace, alanda malo odyetsa ziweto, ndipo ng'ombe zikadya masamba ace zidwala.

Ngozi ina iri m'zitini, m'miphika yosweka ndi m'matayala akale mmene anthu abzalamo maluwa. Zimenezi zikometsa khonde, koma ciri conse cibooledwe pansi ndipo cidzazidwe ndi dothi. Madzi akaima m'menemo udzudzu uikiramo mazira, ndipo m'nyengo yotentha patapita masiku monga 10 udzudzu watsopano uuluka.

Nanga madzi othirira, pamene citsime ciri kutali? Madzi osambira ndi otsukira mbale akwanira, malinga ngati alibe sopo wambiri kapena mcere. Athiridwe madzulo, ndipo pa tsinde aikepo udzu wouma kuti cinyezi cikhale. Koma udzuwo ndi maluwa omwe akhale mita imodzi kucokera pa cipupa, cifukwa cinyezi ciitana ciswe ndipo cifewetsa njerwa zosaocha.

Sikuti mtundu wonse ucokera ku maluwa. Miyala yondandalikidwa m'mbali mwa njira ndi kupakidwa njereza ioneka bwino, ithandizanso woyenda usiku, ndipo iletsa madzi kukokolola. Khonde lozira ndi dothi lakuda, cipupa ndi dothi loyera kapena lofiira, ndi luso lakale la amai limene lipambana utoto wogula pa mtengo wace. Za mabotolo osweka ozika m'mbali mwa maluwa, monga acitira ena, zilekeke. Ana ayenda opanda nsapato.

Nkhuku zidzapalasa mbeu zonse zongomera ngati palibe cochinga. Timitengo ta minga kapena kampanda ka bango kakhale pomwepo kufikira maluwa afika m'mabondo.