Mcenga Kapena Miyala: Coyala Pansi pa Thanki ya Nsomba

Mabanja ena kuno ku Shimabala ayamba kusunga nsomba zokongoletsa nyumba mu thanki ya galasi. Ana amakondwela nazo, ndipo thanki yaing'ono siidya malo ambili pa balaza. Koma kawilikawili munthu amagula thanki, nsomba ndi cakudya cake, ndiye atafika pakhomo m'pamene amakumbukila kuti pansi pa thankiyo payenela kuyalidwa kanthu. Amatuluka panja ndi baketi, n'kutapa miyala pa mulu umene unatsala pomanga nyumba. Apa m'pamene mavuto ambili amayambila.

Dela lathu lino, kucokela ku Lusaka kudutsa Chilanga kufika kuno, lakhala pa mwala wa laimu. N'cifukwa cake fakitale ya simenti inamangidwa ku Chilanga, ndipo n'cifukwa cake tili ndi makwale. Miyala yambili yophwanya imene timagula pomanga ndi ya mtundu umenewu. Mwala wa laimu umasungunuka pang'onopang'ono m'madzi, ndipo umawonjezela mcele wa kashiamu. Onani mkati mwa ketulo yanu: ngati muli zoyela zokakamila, ndiye kuti madzi a pacitsime canu ali kale ndi laimu wambili. Mukaikanso miyala ya laimu mu thanki, muyezo wa madzi wochedwa pH umakwela kufika pa 8 kapena kupitilila.

Kwa nsomba zina zimenezi n'zabwino kwambili. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimakhala m'madzi a pH ya pafupifupi 8, ndipo nsomba za m'nyanja ya Tanganyika, zonga zimene zimagwidwa kufupi ndi Mpulungu n'kutumizidwa kunja, zinazolowela madzi a pH yofika pafupifupi 9. Ma guppy ndi ma molly naonso sadandaula ndi madzi a laimu. Koma ma neon tetra ndi ma angelfish kwao ndi ku mitsinje ya ku South America kumene madzi alibe laimu wambili. Mu thanki yoyalidwa miyala ya ku kwale amafooka, mtundu wao umazilala, ndipo nthawi zambili saswana.

Kuyesa mwala n'kosavuta. Tengani miyala ingapo youma, ipaleni ndi msomali kuti patuluke fumbi, kenako dontheletsani viniga pa fumbilo. Ngati pacita thovu, mwalawo ndi wa laimu. Kupala n'kofunika cifukwa mtundu wina wa laimu, wochedwa dolomite, umene ndi wofala kuno, sucita thovu msanga ukakhala wathunthu. Citani cimodzimodzi ndi mcenga. Fumbi la ku kwale lija timaumbila mabuloko lisalowe mu thanki ngakhale pang'ono: ndi lakuthwa, ndipo madzi amakhala ngati mkaka kwa masiku ambili.

Mukadziwa mwala wanu, yang'anani mmene nsomba yanu imadyela. Nsomba zokhala pansi, monga timilamba tating'ono tochedwa Corydoras, zimafufuza cakudya ndi ndevu zao, ndipo miyala yakuthwa imadula ndevuzo mpaka zilonda. Izi zifunika mcenga wosalala. Nsomba zambili za m'banja la ma bream zimabwila mcenga m'kamwa, n'kuutulutsa m'makha zitasankha cakudya, ndipo zamphongo zimakumba maenje oswanilamo. Asodzi a mu Kafue amawadziwa maenje amenewa. Ku Tanganyika kuli tinsomba tina timene timakhala m'zigoba za nkhono, ndipo tsiku lonse timatanganidwa kukwilila ndi kufukula zigobazo. Kuziika pa miyala kuli ngati kusunga nkhuku pa simenti. Goldfish nayo imakonda kutola miyala n'kulavula, conco mwala wofanana ndi kukula kwa kamwa yake ungaitsamwitse. Ipatseni mcenga, kapena miyala yaikulu imene singalowe m'kamwa.

Pa nkhani ya ukhondo, ambili amaganiza kuti miyala ndiyo yabwino cifukwa thanki imaoneka yoyela. Zoona zake n'zakuti zitosi ndi cakudya cotsala zimalowa m'mipata ya miyala n'kuwolela momwemo. Mlungu uliwonse muyenela kulowetsa paipi pakati pa miyala ndi kukoka zonyansazo pamene musintha gawo limodzi mwa magawo anai a madzi. Pa mcenga zonyansa zimakhala pamwamba, zimaoneka zoipa koma zimacoka mosavuta. Vuto la mcenga ndi kuuyala wambili. Ukapitilila masentimita 3 kapena 4, pansi pake sipafika mpweya, pamada, ndipo pamapangika mpweya wonunkha ngati dzila lowola umene ndi woopsa kwa nsomba. Ife amene tinaona kuzima kwa malaiti kwa mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tiyenela kuganizila zimenezi: fyuluta ikakhala yozima maola ambili, thanki yokhala ndi zowola zambili pansi ndiyo imayamba kusowa mpweya. Kwa ine, mcenga woyala pang'ono ndi nsomba zocepa n'zimene zimapilila nthawi zotele.

Thanki ya masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, yoyalidwa masentimita 3, imafuna malita pafupifupi 5 ndi hafu a mcenga, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 8. Ngati mwasankha miyala, tengani yobulungila ya mamilimita 2 mpaka 5, ndipo yalani masentimita 4 kapena 5. Zomela zokhala ndi mizu zimagwila bwino pa miyala yaing'ono yotele.

Mcenga wa kumtsinje umene amagulitsa pomanga ungagwile nchito ngati wapambana mayeso a viniga. Usefeni, kenako utsukeni m'baketi pang'onopang'ono, kutaya madzi mobweleza mpaka atayela. Nchitoyi ndi yotopetsa, mwina kusintha madzi kakhumi, ndipo sopo asafike pafupi. Mukatha, uthileni madzi owila kapena uyanikeni padzuwa mpaka uume gwa. Musatume ana kukatapa mcenga wonyowa m'mphepete mwa Kafue. Kumeneko kuli ng'ona, ndiponso nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mcenga wotelo umabwela ndi mazila a tizilombo amene angadwalitse nsomba.

Pothila madzi, ikani mbale pamwamba pa mcenga ndi kuthila pa mbaleyo kuti mcenga usavunduke. Madzi a pampopi ayambe akhala m'baketi yosavindikila tsiku limodzi kuti klorini acoke. Yatsani fyuluta mcenga utakhazikika, cifukwa ukalowa m'makina umawononga kafani kam'kati. Nsomba zisalowe tsiku lomwelo. Tizilombo tothandiza timene timasintha zoipa za m'zitosi timatenga milungu inai mpaka isanu ndi umodzi kuti tikhazikike pa mcenga ndi mu fyuluta, conco yambani ndi nsomba ziwili kapena zitatu cabe, n'kumawonjezela pang'onopang'ono.