N'chiyani chimakweza kapena kutsitsa mtengo wa biti ya rap?

Aliyense amene akuyamba kuimba chamba cha rap amakumana ndi funso limodzi asanaponde mu situdiyo: biti aitenga kuti, ndipo alipira zingati? Biti ndi kulira kwa zida kokha, kopanda mawu, komwe woimba amaikapo mavesi ake. Ambiri a ife timadabwa tikamva kuti biti ina yagulidwa pa mtengo wa nsapato, pomwe ina yomveka chimodzimodzi m'makutu mwathu ikufuna ndalama yoposa fizi ya semesita. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zake, ndipo wosazidziwa amataya ndalama, nthawi zina ngakhale nyimbo imene anaivutikira.

Chifukwa chachikulu ndi ufulu umene tikugula. Pa misika ya pa intaneti monga BeatStars, biti imagulitsidwa m'njira ziwiri. Yoyamba imatchedwa lease, ndipo ili ngati kuchita lendi nyumba: biti imakhalabe ya produsa, iye akhoza kuibwereketsanso kwa oimba ena ambiri, ndipo mgwirizano umaika malire pa zaka zoigwiritsa ntchito kapena pa chiwerengero cha anthu omvera nyimboyo pa Spotify ndi kwina. Poti produsa amapeza ndalama kangapo pa biti imodzi, mtengo umatsika, kawirikawiri umakhala pakati pa madola 20 ndi 50. Njira yachiwiri ndi exclusive. Apa produsa amasiya kugulitsa bitiyo kwa wina aliyense, choncho amawerengera ndalama zonse zimene akanapeza mtsogolo. N'chifukwa chake mtengo umafika madola mazanamazana kapena kuposa.

Chachiwiri ndi mtundu wa mafayilo amene tikulandira. Fayilo ya MP3 ndiyo yotchipa kwambiri chifukwa imapanikizidwa ndipo ubwino wina wa kamvekedwe umatayika. Ya WAV imadulirapo chifukwa imamveka bwino. Okwera mtengo koposa ndi ma stems, pamene ng'oma, besi, piyano ndi zida zina zimabwera chilichonse pachokha. Izi zimathandiza wosakaniza nyimbo kutsitsa chida chimene chikuphimba mawu a woimba. Wogula MP3 yokha sangachite zimenezi.

Chachitatu ndi dzina la produsa. Amene wapangapo nyimbo zomveka pa wailesi amagulitsa mbiri yake pamodzi ndi biti. Koma mtengo wotsika sutanthauza kuti biti ndi yachabe. Mu 2018 Lil Nas X wa ku America anagula biti ya nyimbo ya Old Town Road pa madola 30 kwa YoungKio, mnyamata wa ku Netherlands yemwe sankadziwika nthawi imeneyo. Mu 2019 nyimboyi inakhala pa nambala 1 pa Billboard Hot 100 kwa masabata 19. Desiigner nayenso anagula biti ya Panda pa madola 200 kwa produsa wa ku Britain wotchedwa Menace, ndipo nyimboyo inafika pa nambala 1 mu 2016.

Nkhani ya Old Town Road ikutifikitsa pa chifukwa chachinayi, chomwe ndi sample, kutanthauza kachidutswa ka nyimbo ya munthu wina koikidwa mu biti. YoungKio anatenga kachidutswa mu nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails, ndipo nyimbo itatchuka, Trent Reznor ndi Atticus Ross a gululi analembedwa m'gulu la eni ake. Biti yokhala ndi sample yopanda chilolezo imaoneka yotchipa tsiku logula, koma chilolezocho chikhoza kudzadula kuposa bitiyo. Komanso makina a YouTube otchedwa Content ID amazindikira kachidutswa kotere, ndipo mwini wake akhoza kutsekereza kanema kapena kutenga ndalama zonse za malonda.

Chachisanu, chomwe chimatikhudza kwambiri kuno kwathu, ndi mphamvu ya kwacha. Kompyuta, masipika, maikolofoni ndi mapulogalamu monga FL Studio zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Biti ya madola 30, imene inali pafupifupi K35,400, inafika pa K51,000 tsiku limodzi, wogulitsa asanasinthe kalikonse. Produsa wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amawerengeranso lendi ya situdiyo, bandulo ya intaneti ndi mafuta a jenereta magetsi akazima. Ambiri a iwo amaphatikiza biti, kujambula mawu ndi kusakaniza nyimbo pa mtengo umodzi, choncho tisanayerekeze mitengo tiyenera kudziwa zimene zili mkati mwake.

Chomaliza ndi kagawidwe ka phindu. Produsa wina amalola kutsitsa mtengo akalonjezedwa gawo la ndalama zimene nyimbo idzabweretse. Ku Malawi bungwe la COSOMA ndilo limatolera ndi kugawa ndalama za nyimbo zoseweredwa pa wailesi ndi m'malo ena, ndipo eni nyimbo amatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Ngati sitinalembe kuti woimba atenga gawo lanji ndipo produsa atenga lanji, mkangano umabuka nthawi imene nyimbo yayamba kupindula. Tichenjerenso ndi mabiti olembedwa kuti ndi aulere pa YouTube. Ambiri amaloledwa pongoyeserera, osati pa nyimbo yogulitsa, ndipo kutenga biti ya munthu popanda chilolezo ndi kumubera thukuta lake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisanatumize ndalama pa foni, tifunse ngati biti ndi ya lease kapena exclusive, ngati inagulitsidwapo kale kwa ena, mafayilo amene tilandire, ngati muli sample, ndiponso gawo la produsa pa phindu. Mayankhowo alembedwe ndipo tonse awiri tisaine. Kwa wophunzira amene akutulutsa nyimbo yoyamba, lease ya WAV nthawi zambiri imakwanira. Ndalama ya exclusive tiisungire nyimbo imene taona kuti anthu aikonda.