Shuga amene ali pa maselo ako: amamuona bwanji?

Kwathu kwa Lundu ukangotchula shuga, aliyense amaganiza za minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku limene achemwali anga anataya magazi ambiri pobereka. Ndinathamangira kuchipatala kuti ndiwapatse anga. Atayeza, anamwino anapukusa mutu: "Anu ndi A, awo ndi O. Sizitheka." Mwamwayi magazi oyenera anapezeka, achemwali anachira. Koma funso linandikhalabe: magazi onse si ofiira kodi?

Kusiyana kwake, anzanga, ndi shuga. Osati wothira mu tiyi uja ayi, koma abale ake. Selo likapanga puloteni, nthawi zambiri limaimangirira timaunyolo ta shuga. Asayansi amati glycosylation. Pa maselo ofiira a munthu wa gulu A, kaunyoloko kali ndi kashuga kamodzi kowonjezera kunsonga. Wa B ali ndi ka mtundu wina, wa O alibe. Thupi la achemwali likanaona kashuga kangako ngati mdani, n'kuswa maselo anga onse. Akanatha kufa.

Ngakhale pa malungo, omwe kuno kuchigwa cha Shire timawadziwa bwino, shuga ameneyu alipo. Maselo ogwidwa ndi tizilombo amamatirira anzake n'kutseka timitsempha, ndipo izi zimachitika kwambiri m'magazi a A kuposa a O.

Nanga kanthu kochepa chonchi amakaona bwanji m'selo lamoyo? Apa ndi pamene Carolyn Bertozzi wa ku America anagwira ntchito. Anatenga shuga n'kumulumikiza kachidutswa kotchedwa azide, komwe ndi maatomu atatu a nitrogen. Tingoti kambedza. Selo limameza shugayo osazindikira, n'kumuika pa mapuloteni ake. Kenako amathira utoto wowala umene umakola pa kambedzako basi, osakhudza china chilichonse. Ukayang'ana pa maikulosikopu, paliponse pali shugayo pakuwala!

Vuto linalipo. Njira yofulumira yolumikizira azide inkafuna kopa, ndipo kopa amapha maselo. Mu 2004 gulu la Bertozzi linapeza njira yosafuna kopa. Mu 2008 linaonetsa shuga akuwala pa tiana ta nsomba yotchedwa zebrafish, tili tamoyo, tikukula. Mu 2022 iye, Morten Meldal ndi Barry Sharpless analandira mphoto ya Nobel ya chemistry.

Phindu lake? Maselo ambiri a khansa amadzikuta ndi shuga wotchedwa sialic acid kuti chitetezo cha m'thupi chisawagwire. Pano ofufuza akuyesa mankhwala ometa shuga ameneyu.

Ndiye mukamaloweza magulu a magazi pokonzekera MSCE, dziwani kuti A, B ndi O si zilembo chabe. Kodi gulu lanu mumalidziwa? Ine langa ndinalidziwira pabenchi ya chipatala, mtima uli m'mwamba.